Khutu la Mmisiri wa Matailosi

Tandiuzani, n'chiyani chimalowa m'mimba popanda mpeni, n'kubwerera kudzaulula za m'katimo? Yankho linamveka pa benchi la kuchipatala, pomwe mmisiri wa matailosi ankadikira mkazi wake amene analowa ku sikani. Pambali pake panali mayi wina woperekeza mpongozi wake.

"Makinawa angotitayitsa nthawi, mayi," anatero mmisiriyo. "Ine ndikagogoda tailosi ndimamva ngati pansi pali mphako. Mimba ya mkazi wanga ndinaigogoda kale. Muli mwana mmodzi, wamwamuna."

"Mwana wa eni mumamugogoda ngati chivwende?"

"Pang'onopang'ono, mwachikondi."

"Ndiyetu inu ndi makinawo ntchito ndi imodzi. Anesi anandiuza kuti amatumiza mawu oonda kuposa a udzudzu, oti khutu silimva. Mawuwo akagunda mwana amabwerera, ngati mmene amabwerera mukakuwa m'nyumba yopanda katundu. Obwerera msanga agunda pafupi, ochedwa agunda patali, basi chithunzi n'kutuluka."

"Khutu langa limachita zomwezo, ndipo zaka khumi ndi zisanu silinandinamizepo. Kabedi ka mwanayo ndakhoma kale kamodzi, dzina ndauza kale achibale."

Chitseko chinatseguka, mkazi wake n'kutuluka ndi kapepala, akuseka.

"Amuna anga, kasakeni matabwa ena. Ndi awiri, ndipo akuti onse akuoneka aakazi."

"Awiri?"

"Munagogoda bwino, bambo," anatero mayi uja, benchi lonse likufa ndi phwete. "Kungoti anakuyankhani mmodzi, mnzakeyo anali m'tulo."