Ankandiitana Dzuwa Lili Pamutu

Atsogoleri a nthambi yathu, abale ndi alongo, ndi inu alendo mwakhala kumbuyoko, ndakupatsani moni nonse. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire pang'ono.

Nonse mumandidziwa kuti Mkulu Phiri. Ndi zimene zalembedwa pa kabaji aka pachifuwa. Uyo wakhala apoyo ndi mnzanga woyenda naye, Mkulu Mwansa wa ku Kitwe. Ine kwathu ndi ku Dowa, ku Malawi. Zimene ndinene lerozi iye akudziwako, koma ngakhale iye sakuzidziwa zonse.

Inu mumationa tikudutsa pa njinga, malaya oyera, tayi pakhosi, ana akutithamangira, ndiye mumati anyamata awa zawo zili bwino. Moyo wathu ndi uwu: kudzuka m'bandakucha, kupemphera, kuwerenga malemba, kumwa phala, kenako njinga. Lero ku Zingalume, mawa ku Zemba. Fumbi la kuno silimvera chisoni malaya oyera, pofika masana kolala yafiira. Lolemba tichape, tisite, tiimbe foni kumudzi. Ndipo lamulo lathu mukulidziwa, awiriawiri. Kumene ndili ine, Mkulu Mwansa ali pomwepo. Kogula tomato kumsika wa paboma, ali pomwepo. Komatitsa tayala, ali pomwepo. Ndi lamulo labwino, limatiteteza. Koma abale, munthu amene sakhala yekha alibe polirira.

Chinanso, ukabwera ku ntchito iyi dzina lako lenileni umalisiya kunyumba. Muno mumpingo palibe amene anandiitanapo nalo. Lero ndikuuzani. Dzina langa ndi Kondwani. Anandipatsa ndi amayi anga, aNambewe, ndipo ndi iwo amene anandiperekeza pokwerera basi tsiku lonyamuka. Anandikonza tayi, ngakhale sankadziwa kamangidwe kake, nanena kuti, "Kondwani, ukamalize ntchito ya Mulungu. Usakabwerere panjira."

Anthu atangoyamba kukolola chimanga, atsogoleri athu a mishoni anandiimbira foni tsiku losakhala Lolemba. Mtima unadziwa kale. Amayi anadwala masiku ochepa, mutu, kutentha thupi, kenako basi. Uthenga unazungulira, kuchoka kumudzi kupita ku Lilongwe, kupita ku Lusaka, kenako kwa ine kuno ku Chadiza. Pamene unkandipeza n'kuti adzukulu atakwirira kale. Atsogoleri anandifunsa mwachifundo ngati ndikufuna kupita, palibe amene anandikakamiza. Ine ndinakumbukira mawu a pokwerera basi paja, ndinati ndikhala. Amalume pafoni anangoti, "Chabwino, aMkulu. Maliro a amayi anu awalira ndi ana a eni ake."

M'mawa mwake ndinamanga tayi. Ena mwa inu munati mnyamata uyu ndi wolimba m'chikhulupiriro. Ndinamva, ndinamwetulira, ndinameza. Pajatu pachifuwa palembedwa kuti Mkulu, ndiye mkulu alira bwanji pamaso pa mnzake?

Tsono mvetserani, abale. Ntchito yathu yonse imayambira pa mawu amodzi: odi. Tsiku lina tinafika pakhomo pena ku Zingalume, dzuwa lili pamutu, bwalo lili zii, nkhuku zabisala pansi pa nkhokwe. Ndinati, "Odi kuno!"

M'nyumba munachokera mawu. "Odini, Kondwani."

Anali mawu a amayi. Si ofanana nawo ayi, ndikuti mawu awo enieni, osasa pang'ono, okoka kumapeto, mmene ankandiitanira ndikachedwa kudambo ndi mbuzi. Ndinayang'ana chitseko. Chinali chomanga ndi waya kunja. Ndinafunsa mnzanga kuti wamva? Iye anati, "Kulibe munthu apa, tiye." Tsitsi linandiima, abale, masanasana.

Ndili mwana amayi omwewo anandiphunzitsa kuti ukamva wina akukuitana dzina koma sukumuona, usavomere. Inunso mukudziwa zimenezi, sindikunama. Ndiye sindinavomere. Ndinakwera njinga, tinachoka.

Sizinathere pomwepo. Anandiitana m'munda wa thonje tikuthandiza banja lina kutola. Anandiitana pachigayo, mkati mwa phokoso lonse lija, mawu ali pafupi ndi khutu. Usiku ndinkagona bwinobwino, zodabwitsa. Ankadikira dzuwa lifike pamutu. Ndipo muno mommuno, abale, nyimbo zathu zingati zili ndi mawu akuti kondwani? Inu mukuimba mokweza, ine thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana kukhomo.

Ndinaleka kunena odi. Tikafika pakhomo ndinkachita ngati ndikukonza tcheni cha njinga, kuti mnzanga ayambe ndiye. Iye ankaganiza kuti ndi ulesi, nthawi zina ankandinyogodola, koma ankanena odi m'malo mwanga osadandaula. Chakudya chinkandikanika. Lamba uyu ndinaboola bowo lina ndi msomali.

Chimene chinkandidya ndi funso limodzi. Akundiitaniranji? Kodi akwiya kuti mwana wawo yekhayo wamwamuna sanaponye dothi pamanda awo? Ndikati ndinyamule chikwama ndizipita, ndinkamva, usakabwerere panjira. Ndikati ndikhale, ndinkamva, Kondwani. Uku moto, uku moto. Ndinkayenda m'makomo kuphunzitsa anthu kuti imfa silekanitsa banja, kuti tidzaonananso, koma ine mwini ndikuthawa amayi anga. Ndinagwada, ndinasala, ndinapempha Atate Akumwamba kuti mawuwa achoke. Sanachoke. Ndinafika potsimikiza kuti Lolemba likubwerali ndiuza atsogoleri kuti mutu wanga sukuyenda bwino, anditumize kwathu.

Loweruka lake tinali ku Zemba. Kumeneko kuli mayi wina, wa Katolika weniweni, kolona pakhosi, amene sanatilolepo kutsegula buku pakhomo pake. Akationa amakuwa kuti, "Ana a mataye aja abwera! Mkulu wanji wopanda ndevu?" Madzi akumwa amatipatsa, koma pakamwa pake ndi pakuthwa. Tsiku limenelo tayala langa linaphwa pafupi ndi nyumba yawo. Mkulu Mwansa anatembenuza njinga pansi pa mtengo n'kuyamba kumata, ine ndinakhala pakhonde pomwe iye akundiona. Mayi aja ankaswa nshawa, zimene kwathu timati mtedza.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iwe wa ku Malawi, wauma bwanji chonchi? Amako akadzakuona adzati anthu a ku Zambia anakumana chakudya."

Ndinati, "Amayi anamwalira."

Manja awo anaima. "Liti?"

"Poyamba kukolola."

"Unapita?"

"Ayi."

"Nanga anabwera ndani kudzakupepesa?"

Ndinayamba kufotokoza kuti atsogoleri anaimba foni, anandipempherera, abale kumpingo anandigwira chanza. Anandidula. "Sindikufunsa za foni ine. Anakhala nawe pansi ndani?"

Palibe anakhala nane pansi, abale. Sindikudzudzula munthu muno. Ine ndemwe ndinatseka chitseko, munakalowera pati?

Kenako anafunsa kuti, "Amako anali a mfunda wanji?"

Ndinati, "Anali aNambewe."

Lichero linagwa, nshawa mbwee pansi. "Mayo ine! Nambewe ndine! M'bale wanga wamwalira ine osamva? Ndiye iwe ndiwe mwana wanga, ukungodutsa pano ndi tayi ngati mlendo?" Anasendera pafupi. "Dzina lako ndani? Osati la pa kapulasitikiko. Limene anakupatsa amako."

Dzinali ndinali ndisanalitchule chibwerere kuno, ndipo tsopano ndinkaliopa. Ndinalinena motsitsa.

Iwo sanatsitse. Anaitana mokweza kuti, "Kondwani!"

Dzuwa linali pamutu. Thupi lonse linazizira, chimodzimodzi ku Zingalume kuja. Ndinatseka maso. Anaitananso, "Kondwani! Tsegula maso. Ndikukuitana ndine, ukundiona. Mwana wa m'bale wanga savomera akaitanidwa?"

Ndinatsegula maso. Ndinaona munthu, abale. Ndinaona nkhope, dzino lobenthuka, makoko a nshawa pachitenje. Munthu wooneka, woti ndingamuvomere. Ndinati, "Mayi!"

Mawu amenewo atangotuluka, zonse zimene ndinameza zinabwerera. Ndinalira, abale. Ndinalira ngati mwana wotayika pamsika. Mayi aja anamanga chitenje m'chiuno, anakhala pansi padothi, anatambasula miyendo, n'kuyamba kubuma maliro a munthu amene sanamuonepo. Amayi a nyumba zoyandikana anabwera akuthamanga, akufunsa kuti kwagwanji. Iwo ankangoti, "M'bale wanga wa ku Dowa watisiya, mwana wake ndi uyu." Palibe anafunsa kuti ndife a mpingo wanji. Anakhala pansi. Amayi a Katolika anayambitsa nyimbo yawo ya maliro. Bambo wina, amene anthu amati ndi wa kudambwe, anavula chipewa, anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Pepani, mwana wathu." Ndipo Mkulu Mwansa, uyo akuyang'ana pansiyo, anasiya tayala, anakhala m'fumbi ndi buluku lake losita, akulira kuposa ine, akuti, "Bwanji sunaniuze kuti mtima ukukuwawa chonchi?"

Maliro a amayi anga ndinawalirira ku Zemba, pakhonde la munthu amene sanafunepo kumva phunziro lathu ngakhale limodzi.

Sindikunamizani kuti mawu aja anatheratu tsiku lomwelo. Patapita masiku tikudutsa padambo, kopanda nyumba, kopanda munthu, ndinawamvanso. "Kondwani." Ndinaimitsa njinga. Mantha anabwera, koma sanakhalitse. Ndinamvetsera bwino kwa nthawi yoyamba, ndipo munalibe mkwiyo m'mawuwo. Ndi mmene ankandiitanira akangofuna kudziwa kuti ndili pati. Ndinati, "Mayi, ndili pano. Ndikumaliza." Mphepo inangodutsa m'bango. Kaya anali iwo, kaya unali mtima wanga womwe, sindikudziwa, ndipo sindidzanamizira kudziwa. Mpaka lero dzuwa likafika pamutu ndimapezeka nditatchera khutu. Koma Lolemba lija linadutsa, chikwama sindinanyamule, ndipo odi ndikunena ndekha.

Ndinapempha Mulungu kuti achotse mawu. Iye sanachotse. Ananditumizira munthu woti andiitane ndikumuona. ANambewe a ku Zemba sanalowe mpingo wathu, ndipo akuti sadzalowa. Akationa amakuwabe kuti ana a mataye. Tikapita kumeneko buku limakhala m'chikwama, timakhala pansi n'kumaswa nshawa, ndipo sandilola kuchoka ndisanadye. Ndikudziwa kuti Atate Akumwamba amadziwa ana awo onse, aliyense ndi dzina lake, osati la pabaji. Ndikudziwa kuti amayi ndidzawaonanso, ndipo sindikuopanso tsiku limenelo.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza mnzanga amene ananena odi m'malo mwanga osadziwa chifukwa chake. Ndipo ndikupempheni, wina pakati pathu akaferedwa, ngakhale avale tayi, ngakhale amwetulire, musam'tame kuti walimba. Pitani mukakhale naye pansi.

Amayi anandipatsa dzina losalankhula kwa munthu mmodzi, ndi dzina louza gulu. Miyezi yonseyi ndinkalithawa, lero ndikulipereka kwa inu. Kondwani, abale. Kondwani nane, alongo. Ndipo tikatuluka panjapo, atsogoleri andikhululukire kamodzi kokha, amene akufuna kundiitana nalo andiitane. Ndivomera.

Ndanena izi m'dzina la Yesu Khristu. Ameni.