Ulusi Wolimba

Loweruka m'mawa, mzere wa pasitolo yosokera mayina pa majezi a masewera a hoke ya pa ayezi unafika mpaka panja. Mkulu wina waimvi anafungatira jezi yobookabooka kumsana, ndipo mayi amene anali kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Bambo, jeziyi inadyedwa ndi njenjete?"

"Njenjete zake ndi mabwana a timu, mayi! Mayina asanu ndasoketsapo apa. Ndikangosoketsa, mumva kuti katswiriyo amugulitsa, ati tikumanga timu yatsopano. Ine n'kuchotsa dzinalo."

"Ndiye lero mukuikapo ndani?"

"Mukufunsanso? Halldorson! Simunaonere dzulo posankha osewera achinyamata? Oyamba kusankha tinali ife!"

"Ndinaonera! Ndinakuwa mpaka galu wanga anakabisala kunsi kwa bedi. Chaka chonse ndakhala ndikupempherera kuti tizigonja, tikhale kumchira, mwayi wosankha poyamba utigwere."

"Ine tsiku lija tinapambana mwangozi, chakudya sichinalowe."

"Musandiphe ndi phwete! Komatu mwanayo ndi wa zaka 18, ndevu alibe. Akuti ayambe wakakhwimira ku timu yaing'ono. Chikho tidzachiona pakapita zaka zisanu, mwinanso zisanu ndi chimodzi."

"Ndawerengera kale. Ndidzakhala ndi zaka 87."

"Ha! Mudzafikako koma, bambo?"

"Mayi, fodya ndasiya dzulo lomwelo. Adokotala ndi akazi anga alephera kundisiyitsa zaka makumi asanu, koma mwanayu wandisiyitsa asanaponde n'komwe pa ayezi wathu. Atelala, dzina ili musoke ndi ulusi wolimba!"