Mayi Lestina Namakhwa, Mayi wa Ana Anayi

Mvula imene inayamba Lolemba sinakatebe, ndipo ambiri mwaima panja. Sinditalikitsa. Ndine Amosi Mulipa, mwamuna wa malemu. Mwambo umati wofedwa akhale chete, koma ndapempha amalume awo, a Abrahamu Namakhwa, kuti mbiriyi ndiwerenge ndekha.

Malemu anabadwa panjira, m'chaka cha 1906, makolo awo akuchokera kudziko la Apwitikizi. Tsiku lake palibe analisunga. Banjalo linakhazikika ku Chimaliro. Mu 1916 analowa sukulu ya mishoni, anaphunzira zaka zitatu. Ndiwo anandiphunzitsa ine kulemba.

Tinakwatirana pa 9 Ogasiti 1925. Tinapatsidwa nyumba kumalaini a esiteti ino, ine ndikudulira tiyi, iwo akuthyola. Mwana wathu woyamba, Winston, anabadwa mu 1927, masiku ake atakwana.

Mu Januwale 1929 anachira mwana wamwamuna pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwanayo anapuma tsiku limodzi lokha. Mu Malichi 1931 anachira wamkazi, nayenso masiku asanakwane. Uyu anakhala masiku atatu. Onse awiri anakaikidwa ndi amayi okha, popanda kulira, ine ndili m'munda wa tiyi. Sindidziwa pamene anagona. Anthu sawawerenga ana amenewa, koma malemu ankawawerenga, n'chifukwa chake ndawatchula.

Ulendo wachiwiriwo anamwino a Sara, a kuchipatala cha mishoni, anaitana ine ndemwe. Anandiuza kuti ana akufulumira chifukwa cha malungo, dengu lolemera pazitunda, ndi kuchepa kwa chakudya m'miyezi ya mvula. Anati mayi amene wachira msanga kamodzi akhoza kuteronso. Choncho akadzaimanso asiye dengu pa mwezi wachisanu, thupi likatentha apite kukamwa kwinini, ndipo msana ukayamba kuwawa asadikire. Ndinamva zonse. Ndinavomera.

Chaka chatha anaimanso. Sanandiuze, popeza kwathu pakati satchula. Ankamanga nsalu ziwiri pamimba, zothina, kuti akapitao asaone, chifukwa mayi akachotsedwa pamzere nyengo yothyola, malo ake amapatsidwa wina ndipo sabwereranso. Nsaluzo ndinkaziona m'mawa uliwonse. Mu Disembala anadwala malungo, anagona masiku awiri n'kubwerera kumunda. Ndinaonanso. Ndinati za pakati n'za amayi, ndinakhala chete.

Lachiwiri pa 13 Febuluwale 1934, msana unawapweteka kuyambira m'mawa, koma anafuna kumaliza mzere wawo. Masana matenda anawayambira m'munda momwemo. Tinawanyamula pamachira. Mtsinje unali utadzaza, ndiye tinazungulira kumlatho. Kuchipatala anachira mwana wamkazi wamoyo, wa miyezi isanu ndi iwiri, koma magazi sanasiye. Anatisiya dzulo Lachitatu m'mawa, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndamva manong'onong'o akuti ndinawadula poyenda ndi mkazi wina. Sindinatero. Cholakwa changa ndi chimene ndanenachi. Pano pali amayi ena omanga nsalu ziwiri. Sinditchula mayina. Amuna awo akuwadziwa.

Malemu asiya ine, Winston, mayi awo owabereka, amalume awo, mng'ono wawo a Ester, ndi khandalo, limene analitcha Mtisunge asanatsirizike. Mtisunge ali kuchipatala m'kabokosi ka thonje, pakati pa mabotolo a madzi ofunda, akumwa mkaka pasupuni. Akuchikazi mwapempha kuti mupite naye ku Chimaliro maliro akatha. Mwana ndi wanu, sindikukana. Winston mutengeni lero lomwe. Koma uyu sachoka kufikira anamwino atalola.

Ndikuthokoza a Dixon ndi a Everson amene ananyamula nane machira, anamwino a Sara amene sanachoke pambali pawo, amayi a mpingo, ndi adzukulu amene akumba manda m'matope. Mayi Lestina, gonani mumtendere kufikira tsiku louka.

Dzulo masana, nditachoka kokhoma bokosi, ndinakabweza mpeni wodulira tiyi kwa akapitao. Kuchoka apo ndinapita kuchipatala kukapempha ntchito yowaza nkhuni zotenthetsera madzi a m'mabotolowo. Andilola kugona pakhonde.