Kudikira Timitengo ta Vernon

Pa siteji ya basi ku Tulsa, mayi wina wonyamula maluwa anakhala pafupi ndi Earl Haskins, mkulu wa gitala amene basi ziwiri zinali zitamusiya kale.

"Nanunso wa kumaliro a Vernon Tackett, bambo?"

"Kaya. M'mafilimu anafa katatu, konseko ndinaomba m'manja. Lero manjawa ndikusowa nawo chochita."

"Munkadziwana?"

"Tinkaimba limodzi, iye ng'oma ndi mawu, ine gitala. Atatisiya kukachita mafilimu ndinamuuza kuti pa kanema amaoneka ngati mbatata yovala chipewa. Kuyankhulana kunathera pomwepo."

"Inu! Osapepesa?"

"Ndinkadikira ayambe ndi iye, mayi. Pagulu lathu palibe ankayamba nyimbo Vernon asanagogode timitengo take ta ng'oma kanayi. Ndinazolowera."

"Ndiye mwadikira mpaka mnzanu walowa m'bokosi."

"Mpaka tsitsi landithawa."

"Basi yomaliza ndi iyo. Mukaiphonya amuika inu kulibe. Dzukani."

"Miyendo ikukana."

Mayiyo anagogoda benchi kanayi ndi mphete yake.

"Mwagogoda mothamanga," anatero Earl akupukuta m'maso. "Vernon akanakukalipirani."

Ananyamula gitala yake n'kuimirira.