Kabaji Kanali m'Dirowa

— Halo? Mzee Lyimo?

— Ndine. Ndani?

— Siwema, wa kuchipatala kuja.

— Aa, mwana wanga! Muli bwanji ku Dar?

— Tilipo, kaya inu ku Moshi? Amayi ali bwanji?

— Mawondo basi. Ine penshoni yandisandutsa mlimi wa nthochi. Halo? Ukudukaduka.

— Dikirani ndituluke pakhonde. Mukundimva?

— Eya, tsopano. Ukumwetsabe odwala chithokomiro ayodini wotulutsa radiyeshoni uja?

— Ndikadali pomwepo. Mzee, ndili ndi pakati. Miyezi itatu.

— Mulungu ngwabwino! Zaka zisanu ndi ziwiri mukudikira! Nanga bwanji sukumveka wokondwa?

— Ndazindikira mochedwa. Miyezi iwiri yapitayo kabotolo ka ayodini kanatayikira patebulo. Ndinapukuta ndekha.

— Usaope. Kabaji kako koyezera radiyeshoni kakuti bwanji? Zotsatira zabwera?

— Ziro.

— Basitu, ukuliriranji?

— Sindinkavala, Mzee. Kanali m'dirowa.

— Wati chiyani?

— Tonse timatero. Kakawerenga kwambiri amakuchotsa, n'kukakutaya ku ofesi ya mafayilo, ndiye ife...

— Siwema! Si ndinakuphunzitsa ndine? Pachifuwa, tsiku ndi tsiku!

— Musandikalipire, ndalira kale. Masamu ake mumawadziwa ndinu. Mundiwerengere, mwanayu walandira radiyeshoni yochuluka bwanji?

— Unaimapo mphindi zingati?

— Kaya. Khumi? Mwina makumi awiri.

— Magolovesi?

— Ndinavala.

— Chotseka pamphuno?

— Ayi.

— Anakuyeza pakhosi sabata yomweyo?

— Sindinauze munthu.

— Mayo ine. Pano ayodiniyo anatha kale m'thupi, makina sangapeze kanthu.

— Ndiye?

— Mimba inali yaing'ono. Mwina palibe chaonongeka. Kawirikawiri zimakhala bwino.

— Mwina? Ine ndikufuna nambala, Mzee.

— Nambala inayenera kukhala m'kabajiko, mwana wanga. Ndikakutchulira yanga ndikhala ndakunamiza. Mawa ukawauze abwana ako ndi adokotala zonse, ndipo m'chipinda cha ayodini muja usalowemonso.

— Nanga amuna anga? Pepala la ziro lija aliona. Avina m'nyumba muno, aimbira kale amayi awo.

— Eee...

— Ndiwauze?

— Zimenezo sindinaphunzire, Siwema. Sindikudziwa.

— Awo akulowa pageti. Andigulira mango osapsa, akundionetsa ali kutali.

— Pukuta m'maso.

— Ndidula, Mzee. Mupereke moni kwa amayi.