Anazimitsa nyali, utsi anausiya

Awulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi chifukwa mtima ukundiwawa. Ndimanyamula kachewere kuchoka ku Domwe kupita ku Kalomwe pa galimoto yakale, yotopa ndi misewu. Itayamba kufuka utsi wakuda, kanyali kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero. Ku ofisina yokonzera magalimoto, amekaniko anati, "Bambo, chosefa utsi chatsekeka. Mubwere mawa."

M'mawa mwake ndinapeza kanyali katazima, ine kusangalala. Koma pa chitunda choyamba galimoto inathima, utsi uli tolotolo, akazi anga, amene ndinali nawo, akutsokomola mpaka misozi. Tinafika ogula atapita.

Nditawafunsa amekanikowo, anayankha opanda manyazi: "Mumadandaula za nyali, ndiye ndachotsa babu."

Anzanga, galimoto ikamachoka ku ofisina musakhulupirire nyali. Zungulirani kumbuyo mukaone utsi.