Buku lakale limene ndinabisa m'chikwama

Moni nonse owerenga, makamaka a mphakati wathu ku Kasina, kuphatikizapo inu amene munkati ndikunamizira. Mukundidziwa, sinditha kukometsera mawu. Ndinatsala pang'ono kuchita khungu, Mulungu wandibwezera maso, ndiye sindikhala chete.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo kuyambira pamenepo ndimagulitsa matimati ndi azakhali anga pamsewu pa Linthipe. Chaka chatha ndinadwala chifuwa chachikulu. Mankhwala ndinkamwa mobisa, chifukwa kwathu kuno ukangotchula TB anthu amamaliza okha nkhani yonse, mpaka kukusankhira malo kumanda. Ankadziwa ndi amayi okha.

Chifuwa chitayamba kuchepa, maso anayamba zachilendo. Chilichonse chimene ndayang'anitsitsa chinkaphimbika pakati ngati nkhungu ya mu Juni. Kenako mitundu inasokonekera. Tsiku lina ndinaunjika matimati aawisi pamodzi ndi akupsa, azakhali n'kundikalipira pagulu.

"Iwe, ukufuna utithamangitsire makasitomala? Chofiira ndi chobiriwira ngakhale mbuzi imasiyanitsa!"

Ndinawayankha mwano, koma kwa ine matimati onsewo anali otuwa. Magalasi a pamsika sanathandize. Ena ankati ndi ulesi, ena ankati andiponyera. Kutchalitchi ndinkagwira buku la nyimbo mongodzionetsera, zilembo osaziona. Pemphero langa silinali laulemu. Ndinkati, "Ambuye, sukulu inapita, sindinakuvutitseni. Maso okhawa ndisiyireni."

Tsiku lokatenga mankhwala a chifuwa kuchipatala chachikulu, ndinaganiza zoyamba ndaonetsa maso. Ndinachita zimene ambiri timachita. Ndinagula buku latsopano la kuchipatala pageti, lakale lija lolembedwa za TB n'kulikulunga m'chitenje pansi pa chikwama. Ndinkati za chifuwa sizikukhudzana ndi maso, nanga anthu a pamzere awerengerenji mbiri yanga?

Dokotala wa maso anandiunika nthawi yaitali, kenako anati maso anga kunjaku ali bwinobwino.

"Ndiye ndikunama?" ndinatero, nditaimirira kale.

"Khalani pansi, achemwali, sindinatero. Ndikukayikira mtsempha umene umachoka kudiso kupita ku ubongo. Zimenezo pali wondiposa, ndimufunsa."

Chibadwire ndinali ndisanamvepo munthu wophunzira akuvomera kuti pali womuposa. Ndinakhala pansi. Anandijambula m'kati mwa maso ndi kachipangizo komangirira pafoni, anandionetsa masamba a madontho amitundumitundu kuti nditchule manambala obisika m'menemo, ine osaona ngakhale imodzi. Zonsezo anazitumiza kwa katswiri wa mitsempha ya maso amene ali kunja kwa dziko lino.

Masana katswiriyo anaimba foni ya kanema. Anali mayi wachikulire, ndipo ankalankhula ndi dokotala wathu m'Chingerezi, ine ndili pambali. Anafunsa ngati ndikumwa mankhwala aliwonse. Dokotala anatsegula buku langa latsopano lija n'kunena kuti mulibe kanthu. Mayiyo anapukusa mutu. Anati mtsikana wamng'ono chonchi, maso onse awiri nthawi imodzi, chofiira ndi chobiriwira kusowa, mufunseninso. Kenako ndinamva akufunsa ngati ndikumwa mankhwala a TB.

Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, koma funso limenelo ndinalimva dokotala asanamasulire. Manyazi anandigwira. Panja pa chitseko panali mayi wa m'mudzi mwathu, ndipo chitsekocho chinali chosatseka bwino. Komabe ndinapisa m'chikwama, ndinamasula chitenje, ndinaika buku lakale patebulo, ndipo ndinayankha ndekha, m'Chingerezi changa chothyokacho, kuti inde, miyezi inayi tsopano.

Dokotala anandifotokozera kuti mwa mankhwala a chifuwa aja muli amodzi amene kwa anthu owerengeka amavulaza mtsempha wa diso. Ndikanapitiriza kubisa, khungu lake likanakhala losachiritsika. Tsiku lomwelo dokotala anandiperekeza yekha ku ofesi ya TB, anagwirizana ndi a kumeneko zochotsa mankhwala amodziwo, enawo ndinapitiriza mpaka kumaliza.

Kuchira sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo ine ndi kudikira sitigwirizana. Mwezi ndi mwezi ankandijambulanso n'kutumiza kwa katswiri uja. Pang'onopang'ono nkhungu inayamba kuchoka. Diso lamanzere lidakali ndi kachifunga pang'ono, sindikunamizani, koma chifuwa chinatheratu ndipo ndikuona.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano. Ndikuthokoza dokotala amene sanachite manyazi kufunsa mnzake, ndi mayi wakunja uja amene dzina lake limandikanika kutchula. Inu amene mukumwa mankhwala a chifuwa, musawasiye panokha. Maso akayamba zachilendo, thamangani kuchipatala, ndipo mukanene zonse. Akakuuzani kuti muli bwino inu mukudziwa kuti simuli bwino, musachoke, funsani ngati pali wina amene angafunsidwe.

Umboni uwu sindinauze munthu kuti andilembere. Ndalemba ndekha, mzere uliwonse ndikuuona.